Ndodo ya pool ya kaboni, miyezi 20 pakati pa Ulongwe ndi Moatize, nazi zomwe ndaona

Abale anga, ndatopa kuyankha mmodzimmodzi za ndodo yakuda ija ndimayenda nayo m'kachikwama, wina kundiimitsa pa baraka, kabala komwe timasewerako pool, wina kundiimbira usiku, eti achimwene kodi kaboni ameneyu ndi wabwinodi kapena ndi matama chabe a anthu a ku migodi. Nde ndati ndikhale pansi ndifotokoze zonse kamodzi. Ndodoyi, kapena kuti taku monga timanenera kuno, ndakhala nayo miyezi 20 tsopano, yaona dzinja kawiri, yaona dzuwa la Okutobala kawiri, yagwapo pa simenti, yagwiridwa ndi manja a anthu osawerengeka, ndiye ndikuona kuti ndili ndi chonena.

Poyamba mudziwe mmene ndimakhalira chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kwathu ndi ku Ulongwe, ku Angónia, ntchito yanga ndi ya galimoto, kunyamula mbatatesi, kabichi ndi tomato kutsika nazo ku Moatize ndi mu tauni ya Tete, pobwerera ndimakweza simenti, malata, kaya chani chomwe chapezeka. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa kuti ndi maiko awiri. Ku Ulongwe tili pamwamba, mamita oposa 1,000, Juni ndi Julaye mmawa kumachita chifunga ndi mame mpaka umafuna majekete awiri, dzinja likafika chovala chimatha masiku pa chingwe osauma. Ukangokhota pa Mussacama nkuyamba kutsika mphepo imasintha, pofika ku Zambezi mu Okutobala kapena Novembala ndi madigiri 40 kupita mtsogolo, chitseko cha galimoto sungachigwire ndi dzanja. Munthu umazolowera, koma mtengo suzolowera ayi.

Ndodo za mtengo ndinapha zitatu pa msewu umenewu. Sikuti zinathyoka, zinangopindika. Mtengo olo uume bwanji umakhalabe ukumwa chinyezi cha mu mpweya nkufufuma, kukatentha umatulutsa nkunyala, ndipo sufufuma mofanana mbali zonse chifukwa mitsempha yake siyenda mofanana. Nde taganizani ndodo yagona ku Ulongwe mmvula Lolemba, Lachitatu ili mu kabini pa Moatize dzuwa likuswa mtengo, Lachisanu yabwereranso kumtunda. Yachitatuyo ndinaikonda kwambiri, inali ya mtengo wa ash ya nsonga yaing'ono, koma patatha miyezi isanu ndikaigubuduza pa tebulo nsonga imachita kudumpha ngati njinga yopindika limu. Amalume anga omwe ndi kalipentala anayesa kuiwongola, anaipachika ku denga ndi mwala kumunsi kwa sabata ziwiri, inawongoka pang'ono kenako inabwerera mwakale. Anandiuza kuti mphwanga, mtengo ukasankha kolowera walowera basi.

Za kaboni ndinazidziwira pa foni, kuonera masewera a akatswiri usiku podikira katundu. Ndinaona kuti ambiri a pool ya ku America asiya ndodo zoyera kutsogolo, akugwira zakuda. Kampani ya Predator ndi yomwe inatchukitsa zimenezi itatulutsa shafti yotchedwa Revo mu 2016, kenako ena anatsatira, Cuetec ndi Cynergy yawo, Mezz ya ku Japan ndi Ignite, ndi ena ambiri. Shane Van Boening wa ku America, amene amasewera ndi Cuetec, anatenga chikho cha dziko lonse cha nine-ball mu 2022. Koma mitengo yake abale, shafti yokha ya Revo, theka lakutsogolo lokha popanda chogwirira, nthawi imeneyo inali madola a ku America pafupifupi 500. Zimenezo si za ine. Yanga ndi ya kampani yaing'ono yosatchuka, dzina sinditchula, alamu anga amene amayendetsa thiraki kudzera pa Cuchamano mpaka Johannesburg ndi amene anandigulira mu shopu ina ya zamasewera kumeneko, ine ndinangowatumizira pa M-Pesa. Olo inali yotchipa poyerekeza ndi zija, ndalama yake ikanagula matumba angapo a feteleza, ndipo mayi a kunyumba anandikumbutsa zimenezo mosabisa, ananena zoona.

Tsiku lomwe inafika ndinaitsegula pa khonde. Ndodo ya zidutswa ziwiri, zolumikiza pakati ndi chitsulo chopota, yonse pamodzi mainchesi 58, kulemera maaunsi 19, kungopitirira theka la kilo pang'ono. Theka lakutsogolo lakuda bii koma losanyezimira, kuligwira ngati mwala wa mu mtsinje womwe madzi ausalaza. Ndinaiyang'ana ndi diso limodzi kuchokera kumbuyo ngati mfuti, ndikuizunguliza pang'onopang'ono, yowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga. Theka lakumbuyo ndiye linali lokongola zedi, vanishi wonyezimira, timphete ta siliva, pogwirira atakulungapo chinthu chooneka ngati chikopa. Anyamata onse amene anabwera kudzaona anathamangira kuyamikira kumbuyoko, kutsogolo amangoti chakuda ichi ndi pulasitiki kapena. Sungani mfundo imeneyi, tibwererako.

Kwa amene simudziwa kuti kaboni ndi chani kwenikweni, si chitsulo ndipo si pulasitiki wamba. Ndi tiulusi tating'ono kwambiri, kuposa tsitsi la munthu kuonda kwake, tambirimbiri, tomwe amatinyowetsa mu guluu wolimba wotchedwa epoxy nkutikulunga kukhala paipi, kenako nkuumitsa ndi kutentha. Mkati mwa paipiyo ndi mphako, ambiri amathiramo thovu louma lopepuka kuti isamalire ngati chitini. Tiulusiti sitimwa madzi ngati mtengo ndipo kutentha sikutifutukula kwenikweni, nde chifukwa chake ndodo yake siisamala kuti lero yagona ku Angónia kapena ku Tete.

Ndipo pamenepa ndinene mosapita mmbali, lonjezo limeneli ndi loona. Miyezi 20, maulendo sindingawerenge, shafti ija ikadali yowongoka ngati tsiku loyamba. Ndimaiyesa pafupifupi mwezi ulionse, ndimaimasula nkugubuduza shafti yokha pa galasi la kauntala ya shopu ya mnzanga, chifukwa matebulo athu a mmabaraka sungawakhulupirire, ambiri ndi opendekeka okha ndipo amaikira makatoni kunsi kwa miyendo. Palibe kudumpha, palibe kampata kounikira kuwala. Chaka chatha mu Febuluwale galimoto inandifera pafupi ndi mphambano ya ku Tsangano mvula ikugwa usiku wonse, madzi analowa mu kabini, chikwama cha ndodo chinanyowa chonse, mmawa ndinangopukuta shafti ndi malaya basi. Ikanakhala ya mtengo ndikanaiiwala tsiku lomwelo.

Chachiwiri chomwe ndachikonda, mwina kuposa kuwongokako, ndi mmene imatererera pa zala. Amene mwasewerapo ku Moatize madzulo a mu Novembala mukudziwa vuto la thukuta, ndodo ya mtengo imayamba kumata pa chala ngati wagwira uchi, umafuna kukankha bwinobwino iyo nkukakamira kenako nkulumpha, shoti yonse yaonongeka. Nde anthu amathira paudala wa ana mmanja, ena ufa weniweni, tebulo lonse mbuu, mwini baraka nkumadandaula kuti nsalu ikuonongeka. Kaboni samwa thukuta. Amatha kuchita kakumata pang'ono manja akanyowa kwambiri, sindinama, koma ukangopukuta kamodzi ndi kansalu kouma wabwerera mwakale. Ine paudala ndinasiya. Ndipo fumbi la malasha lija la ku Moatize lomwe limalowa paliponse, mmphuno, mu nsima, pa zovala zoanika, ndodo ya mtengo limailowerera pamodzi ndi choko cha buluu mpaka imasanduka yotuwa ngati mpini wa khasu ndipo sizichoka pokhapokha upale. Pa kaboni fumbilo limangokhala pamwamba. Kamodzi pa sabata ndimadontheza sipiriti wa ku famasi pa kansalu, kupukuta kuchokera pakati kupita kunsonga, kansalu kamatuluka kakuda shafti nkutsala yoyera bwino.

Koma chonde, ndikupemphani, musadzayerekeze kuipala ndi sandipepa. Tinazolowera kuti ndodo ikayamba kukakala timaikwecha ndi lisha yosalala kapena waya wotsukira mapoto. Pa kaboni mukatero mwachotsa khungu lake lapamwamba lomwe limapangitsa kuterera kuja, silibwereranso, komanso fumbi lake si labwino kulipuma ndipo limayabwa pa khungu. Mnyamata wina pa baraka ya ku Ulongwe anaitenga ndili panja ndikuyankha foni, atagwira kale kapepala kake kuti andithandize, ndinachita kukuwa ndili pakhomo.

Tsopano kaseweredwe. Masiku oyamba sinandikomere, ndinene chilungamo. Kulira kwake nkosiyana, ya mtengo imati thu mofatsa ndipo umamva mmanja kuti mpira wagundika bwanji, iyi imati tiki mouma ngati wagogoda paipi, ndipo dzanja silimva zambiri. Akuluakulu ena omwe asewera zaka zambiri anaiyesa nkuibweza, amati ilibe moyo. Ndimawamvetsa, ndipo si iwo okha, akatswiri a snooker mpaka lero ambiri akadali pa mtengo wa ash. Ine zinanditengera mwina sabata zitatu kuti khutu ndi dzanja zizolowere.

Chomwe chinandisokoneza kwambiri ndi nkhani ya efeitu, kumenya mpira woyera chammbali kuti uzungulire. Ukamenya woyera kumanja kwake, iwo suyenda molunjika komwe ndodo yaloza, umathawira kumanzere pang'ono, chifukwa nsonga ya ndodo ili ndi kulemera kwake ndipo imaukankhira kumbali. Tonse amene tinakulira pa ndodo za pa baraka timakonza zimenezi osadziwa nkomwe, diso linaphunzira lokha kuloza pambali pang'ono. Nsonga ya kaboni ndi yopepuka chifukwa cha mphako ija, nde imapatuka yokha mpira nkuyenda pafupi ndi pomwe walozadi. Zotsatira zake, mwezi woyamba ndimaphonya mashoti a efeitu omwe kale ndimamwetsa nditatsinzina, chifukwa diso limakonzabe cholakwika chomwe kulibenso. Nditazolowera ndiye zinayamba kukoma, makamaka mipira yakutali, woyera umapita komwe wautuma. Koma wina asakunamizeni kuti mukagula kaboni muyamba kuwina. Pali mdala wina ku Moatize, anapuma ntchito ya njanji, amasewera ndi ndodo ya pa baraka yopanda ndi tipi yomwe yabwino, kachikopa ka kunsonga komenyera mpira, amandimenyabe magemu atatu mwa asanu, ndipo akamaliza amandiuza mwaulemu kuti mwana wanga, ndodo yako ndi yabwino koma ukufulumira kudzutsa mutu.

Apa ndiye pali chinthu chomwe ndikufuna aliyense amve asanatumize ndalama, chifukwa ine palibe anandiuza. Ndodo zambiri za kaboni zimapangidwira pool ya ku America, ya matebulo akuluakulu ndi mipira ikuluikulu ya mamilimita 57. Nsonga zake zimakhala 12.4, 12.5, 12.9, zoonda zake 11.8. Matebulo athu a mmabaraka, oponya fisha kapena kobiri aja, ndi a mtundu wa ku England, mipira yake ndi ya mainchesi awiri, mamilimita 51 osakwana bwino, ndipo woyera ndi wocheperako kuti ukagwa mu dzenje udutse njira yakeyake nkutulukira kumutu kwa tebulo. Ndodo zoyenera mipira imeneyi zimakhala ndi nsonga ya mamilimita 8 kapena 9. Yanga ndi 12.5. Pa kampira kakang'ono kaja nsonga imeneyi imaoneka ngati musi pa mtondo wa ana, ukafuna kumenya pansi kuti woyera abwerere mmbuyo malo ake amachepa, umapezeka wakhudza nsalu kapena mpira walumpha. Ndinaphunzira kuigwiritsa, ndinasema tipi kuti ikhale yobulungira kwambiri ndipo zinathandiza, koma mpaka lero shoti yobwezera mmbuyo ndimaidziwa kuti ikanakoma ndi nsonga yoonda. Malo amodzi mu tauni ya Tete ndinapezako tebulo lalikulu la mipira ikuluikulu, usiku umenewo ndi pomwe ndinaona chomwe ndodoyi inabadwira, epa, imachita kuyimba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani kukula kwa nsonga, za kaboni zoonda ziliko, zopangidwira mipira yaing'ono, kungoti muyenera kuzitchula pogula.

Tibwerere ku theka lakumbuyo lija anyamata amaliyamikira. Apa ndi pomwe mtima umandipweteka, chifukwa ndinalipira ndodo yathunthu koma chomwe chalimba ndi theka. Pa bokosi analemba carbon fiber ndi zilembo zikuluzikulu, koma kaboniyo ali kutsogolo kokha, kumbuyo ndi mtengo wamba wopakidwa utoto wakuda ndi vanishi. Sindikuti ndi chinyengo, ngakhale ndodo zodula zambiri zili choncho, shafti ya kaboni chogwirira cha mtengo, kungoti mtengo wa zodulazo amauumitsa bwino nkuusamala. Wa yangayi ayi.

Chinayamba ndi kamphira ka pansi penipeni, kanagwa mwezi wachiwiri, ndinakapeza pansi pa tebulo nkukamata. Kenako chikopa chija cha pogwirira, chomwe sichinali chikopa koma pulasitiki wopyapyala pa nsalu, thukuta la ku Tete linachidya, pofika Disembala chinayamba kusupuka ngati njoka yofundula, tizidutswa takuda kumatsalira mmanja. Ndinachichotsa chonse, amalume anandikulungira ulusi wolimba wa asodzi nkupakapo phula pang'ono, ndipo ndikuuzeni, chikugwirika bwino kuposa chija. Vanishi nayenso anachita timing'alu pafupi ndi timphete ta siliva, kamphete kamodzi kanatukuka mpaka ukadutsitsa chala umakamva. Mkati mwa chogwirira muli bawuti yolemeretsa ndodo, inamasuka ndi mabampu a msewu nkumalira keche keche pa shoti iliyonse, ndinavutika sabata yonse kuganiza kuti shafti yasweka mkati, kufikira nditachotsa kamphira kaja nkuimanga ndi alenki. Ndipo dzinja lachiwirili chogwiriracho chapindika pang'ono. Pang'ono zedi, wina sangaone, koma ndikalumikiza ndodo yonse nkuigubuduza pa galasi lija nsonga imagwedeza mutu, pomwe shafti yokha ili phee. Ndiye taonani, ndinathawa mtengo wopindika, mtengo wanditsatira kumbuyo.

Pojoinira pakati paja ndiye ndilibe dandaulo lalikulu, pamamanga bwino, palibe kugwedera. Kungoti fumbi likalowa mmazinga mwake pamayamba kulimba, nde ndimapukuta ndi kaburashi ka mano kakale. Dziwaninso kuti mazinga amenewa si amodzi, pali Uni-Loc, pali Radial, pali 3/8x10, pali 5/16x18 ndi ena, shafti ya mtundu wina silowa pa chogwirira cha mtundu wina. Ngati mukuganiza zodzagula shafti yokha kuti muike pa ndodo yomwe muli nayo kale, yambani mwadziwa zimenezo.

Tipi, kachikopa ka kunsonga kaja, inandichititsa manyazi pa gulu. Okutobala woyamba ndinasiya chikwama pa dashibodi kuyambira mmawa mpaka cha mma 3 koloko tikutsitsa mbatatesi pa msika, nditatsegula shafti inali yotentha moti sindikanatha kuigwira, chakuda chimakoka dzuwa paja. Shaftiyo sinapindike, koma guluu wa tipi anafooka, madzulo ake ndikumenya bulaki, mpira wakuda womaliza, pa gemu ya ndalama tipi inangouluka kukagwera ku makreti a mowa wa 2M. Mbali ina ndi kulakwa kwanga, ndodo siyenera kusiyidwa pa dzuwa lotero, olo epoxy amene ali ndi malire ake a kutentha, nde pano ndimaiika kuseli kwa mpando pansi nditaikulunga chitenje. Koma tipi yomwe inabwera nayo inalinso yachabechabe, yolimba ngati chidendene cha nsapato, choko sichimagwira. Ndinaikapo Elk Master, zotchipa za buluu zija zofewa, ndipo pa mipira yathu yaing'ono ikuchita bwino kwambiri, ena amakonda Kamui koma mtengo wake ndi wina.

Kuika tipi pa kaboni kumafuna mtima wodekha. Pa ndodo ya mtengo timangomata ndi supaguluu nkusenga mmbali ndi lezala, ukalakwitsa pang'ono upala. Apa lezala ikaterereka nkudula kaboni chilondacho nchamuyaya. Ine ndimayamba ndakulunga tepi ya pepala kuzungulira nsonga, kupala guluu wakale pamwamba pokha mosamala osakhudza kamphete koyera ka pansi pa tipi, kudontheza supaguluu wokhuthala uja osati wamadzi chifukwa wamadzi amayenderera, kukanikiza mphindi zingapo, nkuisiya usiku wonse. Mmawa ndiye kusenga, lezala yatsopano, ndodo itaimirira chozondoka pa thabwa. Musapatse munthu amene sanagwirepo kaboni kuti aphunzirire pa yanu.

Za kulimba ikagwa. Anthu amaganiza kuti kaboni saphwanyika, ena amafuna kuyesa dala pamaso pako. Zoona zake nzakuti sachita mabowo ang'onoang'ono aja omwe mtengo umachita ukagunda mmphepete mwa tebulo, yanga yagundapo kambirimbiri palibe chooneka. Inagwanso kawiri pa simenti itatsamira khoma, munthu kuikwapula ndi mwendo podutsa, inangolira nkudzuka bwinobwino. Koma tsiku lina mnzathu wina ataluza anaimenyetsa pa kona ya chitsulo ya tebulo mwaukali, osati mwamphamvu kwambiri, ndipo panatsala kachilonda ngati kambewu ka mapira, chapakati pa shafti. Mwayi wake sipadutsa zala pamenepo. Pa mtengo kabowo kotero timaika kansalu konyowa nkusita ndi ayironi yotentha, mtengo umafufuma kabowo nkutseka. Pa kaboni palibe zimenezo, chalowa chalowa, ndipo akamenyedwa kwambiri samapindika, amang'aluka, ukatero wataya. Anapepesa, ndinamukhululukira chifukwa ndi munthu amene timadyera limodzi, koma kuyambira tsiku limenelo ndodoyi sindibwereketsa kwa munthu amene wamwa, olo akhale ndani. Pobuleka napo, pa shoti yoyamba yomwaza mipira, ndimatenga ndodo ya pa baraka, osati poopa shafti koma kusunga tipi.

Chinanso, chenjerani ndi zabodza, zayamba kuoneka. Mwezi wathawu mnyamata wina wa ku Zóbuè anabwera ndi yake akunyadira kuti naye wapeza kaboni pa mtengo wotsika kwambiri. Yonyezimira, ili ndi timabokosi tolukana ngati mkeka, yokongola ndithu. Nditaimasula pakati nkuyang'ana kumapeto kwa shafti ndinaona mtengo woyera mkati, kunja anangokutira pepala la maluwa a kaboni ndi vanishi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Zina zimakhala mtengo wokutidwa ndi fiberglass, zimenezo zinalipo kalekale, sizoipa kwenikweni koma zimamata pa zala kukatentha ndipo si kaboni. Zenizeni zomwe ndagwirapo ine zonse ndi zakuda mosanyezimira, zopepuka kunsonga, ukagogoda ndi chikhadabo zimalira mouma. Ndinamuuza mnyamatayo pambali osati pa gulu, nkhope inagwa, ndinamva chisoni chifukwa ndalama imeneyo anaivutikira pa kabaza.

Nde mukandifunsa kuti ndigule kapena ayi, yankho langa limadalira kuti ndinu ndani. Ngati mumasewera pa baraka imodzi pafupi ndi kwanu, ndodo imagona mnyumba malo amodzi ouma, gulani ya mtengo wa ash yabwino ya nsonga yaing'ono, muisunge choimirira kapena mu kesi, ikutumikirani zaka, ndalama yotsalayo mugule feteleza. Koma ngati muli ngati ine, madalaivala anzanga, anyamata a ku migodi amene mumakwera kumtunda mwezi ukatha, aphunzitsi ndi anamwino amene mumagwira ntchito ku chigwa kwanu kuli ku Angónia, Tsangano kapena Furancungo, kapena ngati manja anu ndi a thukuta, kaboni ndi wanu ndithu, ine sindibwereranso ku shafti ya mtengo. Kungoti ndalama yanu iponyeni pa shafti, maso asatengeke ndi timphete ta siliva. Mufunse nsonga kuti ndi mamilimita angati, mufunse mazinga a pojoinira, mufunse kuti chogwirira ndi cha chani, ndipo amene akukugulirani aigubuduze yolumikiza pa tebulo la mu shopumo akujambula pa foni musanatumize kobiri.

Ine pano ndagwirizana ndi amalume kuti ayese kundisemera chogwirira china cha mlombwa wouma womwe wakhala pa denga la shedi yawo zaka zambiri, tichotse chitsulo cha pojoinira pa chakalechi tiike pa chatsopanocho, akuti chovuta ndi kuboola pakati penipeni nde apita nacho kwa mnzawo amene ali ndi makina opotera matabwa. Alamu nawonso akunyamuka ulendo wa ku Johannesburg mwezi wa mawa, ndawalembera pa kapepala kuti akafunse shafti ya kaboni ya nsonga yosapitirira mamilimita 10 ndi mtengo wake, ndawapatsanso mpira woyera umodzi wa pa baraka kuti akawaonetse a mu shopumo, asakabwerenso ndi ya mipira ikuluikulu.